Kodi mwana wanga yekha ndiye wa chikanga m'mudzi monse?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa cha ku Dómuè, m'boma la Angónia, kuno ku Mozambique. Anapempha kuti dzina lisatuluke, choncho ndalichotsa, ndipo kalatayo ndaifupikitsa.

"Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 3. Kuyambira ali ndi miyezi 4 khungu lake limauma ndi kuyabwa. Zinayambira m'masaya, tsopano zili kuseri kwa mawondo, mopindikira mikono ndi m'khosi. Usiku amakanda mpaka kutuluka magazi. Kuchipatala anatipatsa mankhwala a mphere kawiri, osathandiza. Ulendo wachitatu anati ndi dermatite atópica, n'kutipatsa kachubu kakang'ono. Zinapola, koma mankhwala atatha zinayambiranso. Apongozi akuti matenda otere ndi a azungu, kuno kulibe, ndiye mwina ndi mwanamphepo wa kumtundu kwathu kapena pali chimene ndinalakwa ndili ndi pakati. M'mudzi monse sindikuona mwana wina wotere. Kodi ndi osowadi choncho? Ndi anthu angati ali nawo?"

Achemwali, ndiyambe ndi yankho lenilenilo, zinazo zibwere pambuyo. Matenda a mwana wanu si osowa. Ali m'gulu la matenda a khungu ofala kwambiri mwa ana padziko lonse, ndipo si a azungu. Mukadapatsidwa mpata wovula majuzi ana onse a pasukulu ya pulayimale ya kwanuko n'kuwayang'ana kuseri kwa mawondo, mukadawapeza anzake a mwana wanu. Sindikunena izi pongofuna kukutonthozani. Wachisamba wanga anakula nacho chikanga chimenechi, ndipo usiku umene mukunenawo ndikuudziwa: mumdima mukungomveka zikhadabo pakhungu louma, ngati mbewa ikukukuta chimanga, kukacha n'kupeza madontho a magazi pansalu yofunda.

Dzina limene anakuuzani kuchipatalalo ndi la Chipwitikizi. Amene amaoloka pa Calómuè kukaonedwa ku Dedza amamvako lina, loti eczema. Ife ambiri timangoti chikanga, ngakhale kuti dzina limeneli timaponyeramo matenda ena angapo a khungu. Liwu loti atopy, kumene kunachokera atópica, analipeka mu 1923 madokotala awiri a ku America, Arthur Coca ndi Robert Cooke. Analitenga ku Chigiriki, ndipo limatanthauza chinthu chachilendo, chosakhala pamalo pake. Ankanena za mabanja amene matupi awo amakwiya ndi zinthu zimene anthu ena siziwachita kanthu, monga fumbi la m'nyumba, mungu wa maluwa ndi ubweya wa ziweto. M'mabanja otere mumakonda kupezeka matenda atatu oyendera limodzi: chikanga, mphumu, ndi chimfine chija chosatha choyetsemulitsa m'mawa uliwonse. Atatu amenewa muwasunge, tiwafuna tikafika pa nkhani ya apongozi.

Tsono ziwerengero, poti ndizo mwafunsa.

Kafukufuku wamkulu kwambiri amene anawerengapo ana a matendawa amatchedwa ISAAC. Anayamba mu 1991, ndipo zotsatira za gawo lake lachitatu zokhudza chikanga zinatuluka mu 2009. Anawerenga ana oposa 1 miliyoni. A zaka 6 ndi 7 anali 385,853 m'maiko 60, ndipo ankawayankhira ndi makolo awo. A zaka 13 ndi 14 anali 663,256 m'maiko 96, ndipo ankayankha okha. Mafunso anali amodzimodzi kulikonse: kodi mwanayu anakhalapo ndi zotuluka pakhungu zoyabwa, zomabwera n'kumapita kwa miyezi 6 kapena kuposa? Kodi zamuvuta m'miyezi 12 yapitayi? Kodi zinagwira mopindikira mikono, kuseri kwa mawondo, kutsogolo kwa akakolo, m'munsi mwa matako, kapena mozungulira khosi, makutu ndi maso? Mukuona kuti mafunso amenewa ali ngati akuwerenga kalata yanu.

Zimene anapeza n'zosiyana kwambiri malo ndi malo. Mwa ana aang'ono aja, malo ena a ku India anali 0.9 pa 100 alionse, pamene ku Ecuador anafika 22.5 pa 100. Mwa okulirapo, malo ena a ku China anali 0.2 okha, koma ku Colombia 24.6. Ndipo apa ndi pamene ndikufuna apongozi amvetsere: mwa ana a zaka 13 ndi 14, ziwerengero zokwera kwambiri zinapezeka mu Africa ndi ku Latin America. M'dziko lathu lino mafunso omwewa anafunsidwa m'sukulu za ku Maputo, zotsatira zake n'kutuluka mu 2007, ndipo anapeza pafupifupi mwana mmodzi pa 10 alionse.

Ziwerengero zimenezi ndimazikhulupirira, koma sindizimeza zosatafuna, ndipo inunso musatero. Choyamba, ndi mayankho a pakamwa. Mayi amene mwana wake wakhala ndi mphere chaka chonse akhoza kuyankha kuti inde pa mafunso onse aja, n'kuwerengedwa m'gulu la chikanga. Pamene ofufuza a ISAAC omwewo anawavula ana n'kuona khungu ndi maso, chiwerengero chinatsika. Chachiwiri, Maputo ndi mzinda waukulu, uli pa mtunda wa makilomita oposa 1,500 kuchokera kuno ku Tete, ndipo kafukufuku wa m'maiko ambiri amasonyeza kuti chikanga chimachuluka m'tauni kuposa kumudzi. Ndiye tiyeni tichepetse dala, tidule pakati, tinene kuti mwana mmodzi pa 20. M'kalasi la ana 60, ngati amene timawaona m'sukulu zathu, ndiye kuti muli atatu. Chigawo cha Tete chinali ndi anthu oposa 2.5 miliyoni pa kalembera wa 2017, ndipo pafupifupi theka la anthu a m'dziko lino ndi ana. Werengerani nokha kuti ndi amayi angati amene sanagone usiku wathawu pa chifukwa chofanana ndi chanu.

Nkhani yoti ndi matenda a azungu ili ndi yankho lina limene ndimalikonda chifukwa n'losavuta kumva. Mu 1995 dokotala wa khungu Hywel Williams ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayeza ana a sukulu ku London. Kumeneko sanangofunsa, dokotala anaona khungu. Mwa ana akuda obadwira ku London, a makolo ochokera ku Caribbean, 16.3 pa 100 anali ndi chikanga. Mwa ana achizungu anali 8.7. Sukulu zomwezo, nyengo yomweyo, koma akuda anachuluka pafupifupi kawiri. Azungu anayamba msanga kuwalemba m'mabuku matendawa, n'chifukwa chake akuoneka ngati awo.

Nanga bwanji inu simukuwaona ana enawo? Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene pagona vuto lanu.

Chifukwa choyamba n'chakuti ambiri chimawagwira mopepuka. Ndi kamalo kouma kuseri kwa bondo, kotuwa mbuu m'nyengo yozizira, mayi n'kungoti mwanayu sanadzole. Wanu chamugwira mwamphamvu, n'chifukwa chake akuonekera. Chachiwiri, chikanga chimabisala m'malo ovala zovala, ndipo amayi amabisa dala. Ndani amafuna kuti kumjigo azimuloza kuti sasambitsa mwana? Ine ndinkamuveka wanga malaya a manja aatali ngakhale kutentha, kuopa mafunso. Tsiku lina pa sikelo ya ana ndinaona mayi wina akukokera pansi kabudula wa mwana wake mwachangu, m'njira imene ndinaizindikira nthawi yomweyo chifukwa ndi mmene ndinkachitira ine. Tinali titakhala moyandikana miyezi ingapo, aliyense akuganiza kuti ali yekha.

Chachitatu ndi khungu lathu lakudali. Mabuku ambiri ophunzitsira azachipatala amafotokoza chikanga ngati khungu lofiira, ndipo zithunzi zake zambiri ndi za ana oyera. Pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Malo odwalawo amada kuposa pena ponse, kapena amatuwa ngati phulusa. Kawirikawiri pamatuluka timatuza touma ting'onoting'ono pamene pamera tsitsi, khungu n'kumakhala ngati la nkhuku yososola. Pamene mwana wakanda nthawi yaitali pamakhuthala n'kuchita mizere ngati khungwa la mtengo. Zikapola pamatsala mawanga oyera kapena akuda amene amatenga miyezi kuti afanane ndi pena ponse, ndipo mawanga oyerawo ndi amene amaopsa agogo, poganiza za khate. Mwana wotere akafika kwa munthu amene waona odwala 80 kuyambira m'mawa, ndipo 10 mwa iwo anali a mphere, n'zosadabwitsa kuti nayenso alembedwa mphere. Sindikuwadzudzula. Mphere ndi yofaladi, bungwe la WHO limati nthawi iliyonse anthu oposa 200 miliyoni padziko ali nayo, ndipo mu 2017 linaiika m'gulu la matenda a kumaiko otentha amene akhala akunyalanyazidwa. Koma mwana aliyense wa chikanga wolembedwa mphere amasowa m'kaundula, ndipo ndi mmene matenda ofala amasandukira osowa.

Kusiyanitsa ziwirizi mukhoza kuyamba nokha kunyumba. Mphere imayamba ndi kachilombo kokumba m'khungu ndipo imapatsirana, choncho siikhala ya munthu mmodzi: amene amagona mphasa imodzi ndi mwanayo nawonso amakanda. Imakonda m'mipata ya zala, pamfundo za manja, m'khwapa, pamchombo ndi kumaliseche. Chikanga sichipatsirana ngakhale pang'ono. Mwana wanu mwagona naye zaka 3 ndipo m'kalata yanu simunanene kuti inu mukukanda. Chimabwera n'kumapita, chimatsata nyengo, ndipo chimasamuka ndi msinkhu monga mwafotokozera: wakhanda m'masaya ndi kunja kwa mikono ndi miyendo, akamakula n'kulowa mopindikira. Zipere nazo n'zina, zimachita zozungulira ndipo m'mutu zimathothola tsitsi. Ndikuchenjezeninso kuti mankhwala a mphere aja opaka thupi lonse, makamaka benzyl benzoate, amawotcha khungu la chikanga n'kuliumitsa kwambiri. Ngati wina akufuna kukupatsaninso kachitatu, mufotokozereni mwaulemu kuti munapaka kawiri osasintha, kuti m'nyumba palibe wina akukanda, ndi kuti kachubu kaja ndiko kanathandiza. Mawu atatu amenewa amamuthandiza kwambiri wachipatala. Komabe mwana wa chikanga akhoza kutenganso mphere pamwamba pake, ndiye tsiku limene mudzaone banja lonse likukanda, mubwerere.

Tibwere kwa apongozi. Pa mfundo imodzi akunena zoona: matendawa amayenda m'magazi. Ku Denmark anafufuza mapasa, n'kupeza kuti mwa mapasa ofanana ndendende, mmodzi akakhala ndi chikanga, mnzakeyo amakhalanso nacho pafupifupi ka 7 pa 10, pamene mwa mapasa osafanana ndi ka 2 pa 10 kokha. Koma magazi amenewa sasankha kuchikazi kapena kuchimuna, ndipo sabwera nthawi zonse atavala chikanga. Kumbukirani atatu aja. Funsani modekha ngati kwa bambo a mwanayu kulibe wa mphumu, kapena amalume ena amene amayetsemula ndi kutuluka misozi akamapuntha nyemba kapena kulowa m'chigafa cha fodya. Funsaninso kwanu. Kawirikawiri mbali zonse ziwiri kumapezeka wina. Musakafunse ngati mukubwezera mlandu, chifukwa palibe mlandu apa. Palibe chimene munadya, palibe mwambo umene munadumpha muli ndi pakati chimene chinabweretsa zimenezi. Ndikudziwa kulemera kwa mawu otere akachokera kwa apongozi, makamaka pamene iwe mwini ukudzifunsa kale usiku ngati unalakwa penapake. Simunalakwe.

Chimene chimachitika m'khungumo n'chotere. Ganizani za nkhokwe yomata bwino. Dothi lija likakhala lokwana, chinyezi sichilowa, anankafumbwe sapeza polowera. Khungu la munthu lili ndi chomatira chake cha mafuta ndi mapuloteni, chimene chimasunga madzi m'kati ndi kutsekera kunja fumbi, sopo ndi tizilombo. Mwana wa chikanga amabadwa ndi chomatira chosalimba. Madzi amathawa, khungu n'kuuma n'kuchita ming'alu yosaoneka ndi maso, zakunja n'kumalowa. Zikalowa zimakumana ndi chitetezo cha m'thupi chimene mwa ana amenewa chili ngati galu wolusa wouwa ndi eni nyumba omwe. Pamatupa, pamayabwa, mwana amakanda, kukandako kumagumula chomatira chotsalacho, zakunja n'kulowa zochuluka. Zimangozungulira choncho.

Mu 2006 ofufuza a ku Dundee, ku Scotland, anapeza kuti anthu ambiri a chikanga ku Ulaya ali ndi chilema pa jini (malangizo a m'thupi amene timatengera kwa makolo) yopanga puloteni ina ya khungu yotchedwa filaggrin. Pafupifupi mzungu mmodzi pa 10 ali nacho chilema chimenechi. Chodabwitsa n'chakuti atakafufuza odwala chikanga a ku Ethiopia ndi a mtundu wa amaXhosa ku South Africa, zilema za ku Ulaya zija sanazipeze, pamene matendawo alipo ndithu. Ndiye kuti njira zofikira ku chikanga n'zingapo, ndipo ya ana athu si kuti anachita kubwereka kwa azungu.

Nyengo ya kwanuko ili ndi mbali yake. Angónia ndi Tsangano ali pamtunda, mamita oposa 1,000, ndipo mu Juni ndi Julayi mphepo yake ndi yozizira ndi youma, yong'amba milomo ndi zidendene ngakhale za akulu. Pamenepo mayi amachita zimene mayi aliyense wachikondi angachite: amatenthetsa madzi kwambiri, amamuveka mwana juzi yaubweya pathupi penipeni, amamufunditsa bulangete lokanda, amamukhazika pafupi ndi moto mu utsi. Zonsezi zimautsa chikanga. Ife titasamuka ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia, kubwera mumzinda wa Tete ndinkayembekeza kuti kutentha kumuchiritsa mwana. Kunangosintha mdani. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo thukuta likalowa m'ming'alu muja limaluma ngati mchere pabala. Anzanga a ku Moatize amawonjezapo fumbi. Choncho musadabwe mukaona kuti pali miyezi imene mwana ali bwinobwino ndi ina imene zimabuka popanda chimene mwasintha.

Mwadandaula kuti mankhwala atatha zinayambiranso. Izi sizikutanthauza kuti mankhwalawo anali olakwika. Chikanga sichili ngati malungo oti ukamwa mapiritsi masiku atatu zatha. Kachubu kaja kamazimitsa moto, koma nkhokwe ija ikadali yosamata, ndipo kumatako ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku imene palibe chipatala chingakuchitireni. Mankhwala aakulu a mwana wanu ndi mafuta odzola. Vaseline woyera wopanda fungo, kapena mafuta ena a mtundu womwewo, ndi okwana. Muzimudzoza thupi lonse, osati podwala pokha, kawiri kapena katatu patsiku, ngakhale masiku amene khungu likuoneka labwino. Nthawi yopambana ndi pamene wangotuluka m'madzi: mumupukute mogunditsa nsalu pang'onopang'ono, osakhula, n'kumudzoza khungu likadali lonyowa. Mafuta onunkhira aja a m'mabotolo okongola amuyabwitsa. Ndikudziwa kuti botolo lalikulu limadya mametikali amene akadagula ndiwo, ndipo sindikupeputsa zimenezo. Koma kwa ine linkatsika mtengo kuposa minibasi yopita kuchipatala ndi mankhwala a zilonda zamafinya.

Kusamba kukhale kwa madzi ofunda pang'ono, kwa mphindi zochepa. Chinkhupule ndi mwala zisamukhudze. Apa ndi pamene ndinalimbana kwambiri ndi amayi anga ondibala, amene ankakhulupirira kuti khungu lotuwa ndi litsiro ndipo lifunika kukhula mpaka liyere. Ankachita mwachikondi, koma mwana ankatuluka m'bafa akulira. Sopo wochapira zovala ndi sopo wa mankhwala uja amati amapha majeremusi onse amachotsa mafuta ochepa amene khungu lili nawo. Sopo wofatsa pang'ono, m'khwapa, kumaliseche ndi kumapazi, n'zokwana. Zovala muzitsukuluza kawiri kuti sopo wa ufa asatsalemo. Pathupi penipeni pakhale nsalu ya thonje, juzi ibwere pamwamba. Zikhadabo muziwenga kawirikawiri.

Za kachubu kaja. Mosakayika anali mankhwala a gulu la steroid, ochepetsa kutupa ndi kuyabwa, ndipo ndi amene madokotala padziko lonse amayambira pozimitsa chikanga chikabuka. Alipo ofatsa monga hydrocortisone wa 1 peresenti, amene amaloledwa ngakhale kumaso kwa masiku ochepa. Alipo amphamvu monga betamethasone, a pathupi pamene pakhuthala, osati kumaso kapena mobisika mwa mwana pokhapokha dokotala atanena. Muyezo wake ndi chala: mankhwala ofinyidwa kuchokera kunsonga ya chala cholozera cha munthu wamkulu kufika pa mzere woyamba amakwana malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Amapakidwa podwala pokha, kamodzi kapena kawiri patsiku, mpaka pasalale ndi kuleka kuyabwa, kenako n'kusiya, mafuta odzola n'kumapitirira. Amayi ambiri amapaka mochepa kwambiri chifukwa cha mantha, moto osazima, n'kumati mankhwala sagwira.

Koma mantha ena ndi oyenera. M'misika yathu, kuyambira ya mumzinda mpaka ya m'malire, mumagulitsidwa timachubu toyeretsa khungu, ndipo tambiri mwa ito muli clobetasol, steroid wamphamvu zedi. Wogulitsa adzakuuzani kuti amachiritsa chikanga masiku awiri, ndipo kunena zoona khungu limasalaladi msanga. Ine ndinagulapo kamodzi, nditatopa ndi kusagona, ndipo ndimanong'oneza bondo mpaka lero. Patapita masabata angapo khungu la m'khosi mwa mwana linapyapyala n'kuyera, ndipo nditasiya chikanga chinabwerera mwaukali kuposa kale. Mwa mwana wamng'ono mankhwala amphamvu chotere amalowa mpaka m'magazi. Chubu chilichonse chimene sichinalembedwe ndi wachipatala chisafike pakhungu la mwana wanu. Chimodzimodzinso kutema mphini ndi kupaka zitsamba zowawa pakhungu losweka kale, chifukwa ndi pamene zilonda zimalowera.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo kuti kuche kawiri. Khungu la chikanga limagwidwa msanga ndi bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus. Mukaona pakuchucha madzi, pakuchita nkhanambo zachikasu ngati uchi wouma, pali mafinya, kapena mwana watentha thupi, pitani kuchipatala, pafunika mankhwala ena. Choopsa kwambiri ndi pamene patuluka mwadzidzidzi timatuza tambiri tofanana kukula, tosiya timaenje ngati tobooledwa, topweteka, mwana n'kufooka. Kameneko ndi kachilombo ka zilonda za pamilomo kamene kafalikira pa chikanga, ndipo kakafika pafupi ndi maso kakhoza kuwononga. Zikatero ndi ulendo wa tsiku lomwelo ku chipatala chachikulu ku Ulónguè, ndipo munthu amene ali ndi chilonda cha pamlomo asamupsompsone mwanayu.

Chinthu chimodzi chimene simunafunse koma ndikudziwa kuti chikubwera, ngati sichinafike kale: wina adzakuuzani kuti mumuletse mazira, nsinjiro, mkaka, usipa, nyama ya nkhumba. Chonde musatero mwachisawawa. N'zoona kuti ana ena a chikanga ali ndi chakudya chimene thupi lawo limakana, koma chimenecho chimadzionetsa poyera: mwana akangodya, pasanathe maola awiri amatuluka ziwengo, milomo kapena maso kutupa, kusanza, kapena kubanika. Zikatero chakudyacho musiye ndipo mukanene kuchipatala, ndipo kubanikako ndi kothamanga nako. Popanda zimenezo, kumumana mwana wa zaka 3 dzira ndi nsinjiro ndi kumuwonjezera matenda achiwiri, m'dziko limene mwana mmodzi pa atatu alionse ndi wopinimbira kale chifukwa cha kuperewera kwa zakudya. Ndaonapo ana atsala ndi phala lopanda kanthu chifukwa aliyense wobwera kudzazonda ankachotsapo chakudya chimodzi.

Mwina funso limene lili pansi pa mafunso anu onse ndi lakuti kodi zidzatha. Ana ambiri chimawayamba asanakwanitse chaka, monga wanu, ndipo pafupifupi onse asanafike zaka 5. Ambiri mwa iwo chimapepuka kwambiri kapena kuzimiririka akamafika kumapeto kwa pulayimale, n'chifukwa chake akuluakulu amene ali nacho ndi ochepa poyerekeza ndi ana. Ena chimawatsalira m'manja, n'kumabuka akamachapa kwambiri kapena kugwira simenti ndi feteleza. Ena chimachoka pakhungu n'kubwera mphumu, choncho mukamva mwana akulira m'chifuwa ngati kamwana ka mphaka, kapena akutsokomola usiku popanda chimfine, mukatchule kuchipatala kuti ali ndi chikanga. Wanga tsopano ndi mnyamata wa ku sekondale. Khungu lake likadali louma ndipo botolo la mafuta silichoka m'chikwama mwake, koma amagona usiku wonse, ndipo mawanga aja kuseri kwa mawondo anafanana ndi pena ponse kalekale.

Ulendo wotsatira wa kuchipatala, ngati n'kotheka, apongozi apite nawo, akamve okha kuchokera kwa wovala yunifolomu kuti sichipatsirana ndipo si cha mtundu wa munthu mmodzi. Kwa ife zinasintha pamene amayi anga anapatsidwa ntchito yodzoza mdzukulu wawo madzulo aliwonse. Anaigwira mosadumphitsa kuposa ine, ndipo za chinkhupule sanazitchulenso. Mutenge chubu chakale chija ngakhale chatha, kuti aone dzina lake ndi mphamvu yake. Chikabuka, jambulani ndi foni masana panja, chifukwa chikanga chimakonda kupola tsiku limene mwapeza ndalama ya ulendo. Ndipo Julayi akatha mundilemberenso, mundiuze dzina lolembedwa pa chubucho ndi mmene mwanayo wadutsira m'nyengo yozizira.